Malangizo Osakira Vuto la Pulogalamu pa Chipangizo Chimene Chili Kutali

Foni imalira m'mamawa, musanamwe ndi tiyi yemwe. "Achimwene, kabokosi kanu kaja kaleka. M'thanki mulibe madzi, amayi akubwerera ndi zidebe zopanda kanthu." Kabokosiko kali ku Chikwawa, inu muli ku Lilongwe. M'kati mwake muli Raspberry Pi, modemu ya SIM khadi, ndi pulogalamu ya C imene munalemba nokha, yoyatsa ndi kuzimitsa pampu ya sola malinga ndi pamene madzi alekeza m'thanki. Kalibe sikirini, kalibe kiyibodi. Kupitako ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo mukakafika n'kukazimitsa ndi kukayatsanso, kamadzuka bwinobwino, vuto lija n'kubisala kudikira kuti mubwerere kwanu.

Malangizowa ndi a inu amene mumapanga zipangizo zotere: zoyezera nyengo, zolondera mafiriji a katemera kapena a mkaka, mamita, zoyendetsera ulimi wothirira. Chitsanzo changa ndi Raspberry Pi ndi GDB chifukwa ndizo zimene manja anga anazolowera, koma njira yake ndi yomweyi pa chipangizo chilichonse choyenda ndi Linux. Za tizipangizo topanda Linux zili pa nambala 12.

1. Sungani fayilo yeniyeni imene munatumiza

M'mera mpoyamba. Theka la ntchito yosaka vuto muli kutali limachitika chipangizo chikadali patebulo panu.

Pomanga pulogalamu onjezani -g. Ndiye amene amachititsa kuti m'fayilo mukhale mayina a ma variable ndi manambala a mizere. Popanda iye, GDB imangokuonetsani ma adiresi ndi mayina a ma function basi. Onjezaninso -Og m'malo mwa -O2, kuti compiler isasokoneze kwambiri ndondomeko ya mizere yanu. Ku chipangizo tumizani fayilo yopepuka yochotsedwa mayinawo, koma yathunthuyo ikhale kwa inu:

aarch64-linux-gnu-gcc -g -Og -o pampu pampu.c
aarch64-linux-gnu-strip -o yotumiza/pampu pampu

Musadzinamize kuti mudzaimanganso tsiku la vuto. Pofika tsikulo mudzakhala mutasintha mizere iwiri kapena mutakweza compiler, ndipo GDB idzakulozerani mzere wolakwika osakuchenjezani bwino. Mafayilo awiriwa ali ndi chidindo chimodzi chotchedwa BuildID, chimene lamulo la file kapena readelf -n limaonetsa. Musanayambe china chilichonse, yerekezani chidindo cha kwa inu ndi cha kuchipangizo. Zikasiyana, imani pomwepo.

Koperaninso mafoda a /lib ndi /usr/lib a chipangizocho n'kuwasunga pakompyuta panu chisananyamuke. Ntchito yake muiona pa nambala 8.

2. Gulani ziwiri, chimodzi chikhale kwanu

Chipangizo chilichonse chopita kumudzi chikhale ndi mnzake wofanana nacho patebulo panu: bolodi yomweyo, memori khadi la mtundu womwewo, mapulogalamu omwewo. Ndikudziwa kuti ndalama zimavuta, ndipo wolipira ntchito amafunsa kuti chachiwiricho n'cha chiyani. Muuzeni mtengo wa mafuta a ulendo umodzi wopita ndi kubwera.

Mu July 1997 chombo cha Mars Pathfinder chitangotera pa Mars, kompyuta yake inayamba kumangodzizimitsa ndi kudziyatsanso. Panalibe woti n'kupitako. Akatswiri a ku JPL, ku California, anali ndi makina ena ofanana ndi a m'chombomo. Anawayendetsa atatsegula kaundula wolemba zonse zochitika m'kati, mpaka vutolo linaonekera pamaso pawo. Kantchito kakang'ono kosonkhanitsa za nyengo kankagwira loko ya malo ogawirana uthenga. Ntchito yofunika kwambiri inkadikira lokoyo, pamene ntchito zapakatikati zinkalanda mpata wa kantchito kaja kuti kasamalize n'kumasula loko. Nthawi ikapitirira, mlonda wa m'kompyutamo ankaona ngati zonse zafa n'kuiyambitsanso. Vutoli limatchedwa priority inversion. Analikonza ali pansi pano, potumiza lamulo losintha makonzedwe a loko ija mu VxWorks, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya chombocho, ndipo zinatheka chifukwa zida zosakira mavuto anazisiya m'chombomo, sanazichotse ponyamuka.

Phunzirani ziwiri pamenepa. Vuto lizigwidwa pa chipangizo cha patebulo ngati n'kotheka. Ndipo gdbserver, strace ndi tmux ziikidwe pa chopita kumudzicho chisanapite, osati tsiku limene netiweki ikukoka miyendo.

3. Kaundula asafe pamodzi ndi magetsi

Pa zipangizo zambiri log imakhala mu memori yosasunga kanthu magetsi akazima. Woyang'anira akangozimitsa ndi kuyatsa, umboni wonse wapita. Mu /etc/systemd/journald.conf lembani Storage=persistent, ndiponso SystemMaxUse=50M kuti kaundulayo asadzaze khadi. Mukatero lamulo ili likuonetsani zimene pulogalamu inanena chipangizo chisanazime komaliza:

journalctl -u pampu -b -1

Samalani ndi nthawi. Ma Raspberry Pi onse a m'mbuyo mwa Pi 5 alibe wotchi yoyenda ndi batire. Akadzuka netiweki palibe, amayamba ndi nthawi yakale, ndipo mizere ya log imaoneka ngati inasokonezeka. Kawotchi ka DS3231 kokhala ndi batire lakelake n'kotchipa, kaikeni.

Mu log muzilemba zimene pulogalamu yasankha ndi chifukwa chake. "Ndayatsa pampu, madzi ali pa 18, malire ndi 20" ndi mzere wothandiza. "Ndafika apa" suthandiza munthu pakatha miyezi itatu.

4. Lambulani njira yolowera

Chipangizo cha SIM khadi kawirikawiri sichikhala ndi adiresi yakeyake ya pa intaneti. Kampani ya mafoni imaika makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, ndipo mukaona adiresi ya modemu ikuyamba ndi 10. kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, dziwani kuti simungagogode kuchokera kunja. Chipangizocho ndicho chiyenera kukuimbirani. Pezani seva yaing'ono yokhala ndi adiresi yokhazikika, ndipo chipangizo chizitsegula ngalande yopita kumeneko chikangodzuka:

autossh -M 0 -N -o ServerAliveInterval=30 -o ServerAliveCountMax=3 -o ExitOnForwardFailure=yes -R 2222:localhost:22 chipangizo@seva-yanu

Inu mulowera kudzera pa sevayo:

ssh -J inu@seva-yanu -p 2222 pi@localhost

Zonsezi zilembeni mu ~/.ssh/config pansi pa dzina lalifupi, tinene thanki, kuti muzingolemba ssh thanki. Ngati zipangizo zachuluka, WireGuard ndi yosavuta kuyang'anira kuposa ngalande zambirimbiri. Yakhala m'kati mwa Linux kuyambira pa 5.6 mu 2020, ndipo PersistentKeepalive = 25 imaletsa kuti njira itsekeke chifukwa chokhala chete.

Lowani ndi makiyi a SSH, tsekani zolowera ndi pasiwedi. Mu 2016 pulogalamu yaumbanda ya Mirai inalanda makamera ndi ma router ochuluka zedi pongoyesa mapasiwedi amene zipangizozo zinabwera nawo kuchokera kufakitale. Kabokosi ka kumudzi sikabisika ayi, pa intaneti kali pamseu.

Mukalowa, yambani ndi tmux. Netiweki ikaduka, ntchito imene munaisiya mudzaipeza ikadalipo.

5. Yambani ndi munthu, kenako magetsi, pulogalamu pomaliza

Safunsa anadya phula. Bambo amene amagona pafupi ndi thankiyo amadziwa zinthu zimene log sidziwa. Afunseni mwaulemu ndipo musawadule mawu. "Bambo, zinayamba nthawi yanji? Kunali mitambo? Kunagunda mphezi? Alipo amene anatchajirako foni pa batire lija?" Funso lomalizali lifunseni mosaimba mlandu, apo ayi simumva zoona. Apempheni akujambulireni kavidiyo ka m'kati mwa bokosi pa WhatsApp. Nyerere zomanga chisa pa bolodi kapena waya wotafunidwa ndi khoswe, GDB singakuonetseni.

Pa chifukwa chomwechi ikani kagetsi ka LED koonekera kunja, kamene kaphethiridwe kake kali ndi tanthauzo: kamodzi zonse zili bwino, kawiri netiweki palibe, katatu sensa siikuyankha. Munthu aliyense angawerenge n'kukuuzani pafoni.

Mukalowa, funsani chipangizo za thanzi lake:

vcgencmd get_throttled
vcgencmd measure_temp
df -h
dmesg -T | tail -50

Loyambalo likayankha 0x0, magetsi ali bwino. Likayankha 0x50000, ndiye kuti chidzukireni magetsi anatsikapo pansi pa mavoti pafupifupi 4.63. Likati 0x50005, akutsika panopo. Nthawi zambiri wolakwa amakhala waya woonda wa USB, kapena pampu imene ikamadzuka imakoka mphamvu yonse. Kutentha kukafika pa madigiri 80, Pi imayamba kudzichepetsera liwiro, ndipo m'chigwa cha Shire mwezi wa October, bokosi lachitsulo lokhala padzuwa limafikapo mosavuta. Lamulo la df likuuzani ngati khadi ladzaza. Mu dmesg yang'anani ngati Linux inapha pulogalamu yanu chifukwa memori inatha, kapena ngati khadi layamba kulephera kuwerengeka.

Mwa mavuto amene ndawatsatapo, ambiri anathera pano, code isanatsegulidwe n'komwe.

6. Pulogalamu ikaima, pampu siima

Ngati muiwale zina zonse, ichi chokha chisungeni.

Breakpoint ndi chizindikiro chimene mumaika pa mzere kuti pulogalamu ikafikapo iime, inu muone za m'kati mwake. Pa kompyuta ya mu ofesi palibe choopsa. Koma pa chipangizo choyendetsa makina, phini imene inali yoyatsa imakhalabe yoyatsa. Relay ikadali yogwira, madzi akuyendabe, koma maso amene amayang'ana thanki mwawatseka ndinu.

Zinandichitikira. Tsiku lina dzuwa lili paliwombo ndinalowa pa chipangizo china chakutali, pampu ikupopa. Ndinaika breakpoint pa function yowerenga sensa, pulogalamu n'kuima monga ndinkafunira. Ndikuwerenga ma variable, netiweki inangoti zii. Ndinayesa kulowanso, osatheka. Ndinayesanso, osatheka. Pulogalamu inali chiimire pa mzere uja, kudikira lamulo langa limene silikanafika. Patapita nthawi foni inalira.

"Achimwene, madzi akusefukira pamwamba pa thanki. Akukumba pansi pa mwendo wa nsanja."

"Pepani bambo, cholakwa ndi changa. Thamangani mukatsitse switchi yaikulu ija, yofiira."

Anathamanga, koma anali kumunda, kataliko ndithu. Pofika, dothi la pansi pa mwendo umodzi linali litakokoloka, ndipo mawa lake anthu anataya m'mawa wonse akukwirira ndi miyala. Madzi amene anatayikawo ndi omwe amayi amaimira pamzere. Nsanja ikanapendekeka, thanki yodzaza ikanagwera pamene ana amasewera. Mpaka lero ndikaganiza, mtima umandiwawa.

Chichokereni tsikulo, ndisanaimitse pulogalamu yoyendetsa makina ndimachita izi. Ndimaimbira woyang'anira kuti aime pafupi ndi switchi, foni ili m'manja. Ngati vuto likulola, pampu izimitsidwe kaye pamanja. Kenako ndimatchera chipangizo kuti chidziyambitsenso chokha ngati nditasowa:

sudo shutdown -r +15

Ndikamaliza bwino ndimafafaniza ndi sudo shutdown -c. Dziwani kuti pakatsala mphindi 5 kuti nthawiyo ikwane, Linux imakana olowa atsopano, choncho musadabwe mukakanizidwa. Njirayi imathandiza pokhapokha ngati relay yanu imamasuka chipangizo chikamadzuka, ndipo pulogalamu imayamba ndi pampu yozima. Ziyeseni patebulo.

Koposa zonse, chitetezo chenicheni chisadalire pulogalamu. Switchi yoyandama m'thanki, yolumikizidwa ndi waya mwachindunji kuti idule pampu madzi akadzaza, imagwira ntchito ngakhale kompyuta itafa. Chimodzimodzinso chotetezera pampu kuti isapope mpweya madzi akatsika m'chitsime.

7. Kumbukirani mlonda

Watchdog ndi mlonda amene amayembekeza kuti pulogalamu izimugwedeza pafupipafupi. Ikakhala chete, amaipha n'kuiyambitsanso. Ngati mu fayilo ya service yanu muli WatchdogSec=30, mukaima pa breakpoint kopitirira masekondi 30, systemd itumiza SIGABRT, inu n'kumadabwa kuti vuto latsopanoli lachokera kuti. Ngati pulogalamu imagwedeza yokha /dev/watchdog, pa Pi muli ndi masekondi pafupifupi 15 basi, kenako chipangizo chonse chizima ndi kudzukanso.

Mlonda wa systemd mungamugoneke kwa kanthawi ndi systemctl service-watchdogs no. Koma ganizani kawiri. Pa tsiku la thanki lija, mlonda akanakhalapo, madzi sakanasefukira. Ine masiku ano ndimamusiya ali maso, n'kuphunzira kugwira ntchito msanga m'kati mwa nthawi yake.

8. Lumikizani GDB kudzera m'ngalande ya SSH

GDB, imene Richard Stallman anaiyamba mu 1986, imagawika pawiri mukamagwira ntchito kutali. Pa chipangizo pamayenda kapulogalamu kopepuka ka gdbserver, kamene kamangoimitsa, kuwerenga memori ndi kupitiriza. Nzeru zonse, mayina ndi code, zimakhala pakompyuta panu.

Ambiri amayamba ndi gdbserver :2345 ./pampu. Patebulo palibe vuto. Kumudzi musatero. gdbserver ilibe pasiwedi, siibisa uthenga, ndipo aliyense wofika pa port imeneyo angayendetse chimene akufuna pa chipangizo chanu. Kulemba localhost patsogolo pa nambalayo musakudalire. Njira yabwino ndi yosatsegula port iliyonse, GDB izilankhula kudzera mu SSH mwenimwenimo. Pezani nambala ya pulogalamu ndi pidof pampu, tinene ndi 812. Tsegulani gdb-multiarch pampu pakompyuta panu, kenako lembani:

set sysroot /home/inu/mizu-ya-thanki
set remotetimeout 30
target remote | ssh -T thanki sudo gdbserver --attach - 812

Kamzere kamene kali patsogolo pa 812 ndi kamene kakuuza gdbserver kuti ilankhulire m'ngalandemo.

Mzere wa set sysroot ukuloza ku mafoda aja munakopera pa nambala 1. Mukauiwala, GDB iyamba kukoka ma library onse kuchokera kuchipangizo kudzera pa modemu. Bandulo ikutha, mphindi zikupita, ndipo nthawi yonseyo pulogalamu ili chiimire, chifukwa imaima pomwe mwangolumikiza. Mzere wa remotetimeout ukuuza GDB kuti ileze mtima. Payokha imadikira yankho masekondi 2 okha, amene pa netiweki ya kumudzi ndi ochepa.

Ngati mumakonda VS Code kapena Eclipse, pansi pake pali GDB yomweyi ndi makonzedwe omwewa. Koma izo zimafunsa mafunso ambiri nthawi iliyonse pulogalamu ikaima, ndipo pa netiweki yofooka zimalemera. Phunzirani kulemba malamulo pamanja.

9. Jambulani msanga, tulukani, kaganizireni kunja

Pulogalamu ikakhala kuti yangouma, siikufa koma siikugwiranso ntchito, simufunika kukhalamo nthawi yaitali. Funso ndi limodzi: thread iliyonse yaima pati? Konzani malamulo onse pasadakhale kuti GDB ilowe, ifunse, ituluke:

gdb-multiarch -batch -ex "set sysroot mizu-ya-thanki" -ex "target remote | ssh -T thanki sudo gdbserver --attach - 812" -ex "thread apply all bt" -ex "detach" pampu

Bwerezani katatu, motalikitsa pang'ono. Ngati zithunzi zitatuzo zikuonetsa thread imodzi ili pa read ya serial port, ndiye kuti ikudikira sensa imene sidzayankha, ndipo munaiwala kuika malire a nthawi yodikira. Ngati ma thread awiri onse ali pa pthread_mutex_lock, aliyense wagwira loko imene mnzake akufuna. Mukafuna kuona zambiri, bt full imaonetsanso ma variable a pa sitepe iliyonse.

Potuluka nthawi zonse lembani detach. Lamulo la kill limapha pulogalamu pamodzi ndi umboni wake.

Nthawi zina strace -f -p 812 imakwanira. Imaonetsa zimene pulogalamu ikupempha kwa Linux popanda kuiimitsa kotheratu, ngakhale imaichedwetsa. Ngati pulogalamu yanu ndi ya Python, py-spy dump --pid 812 ikupatsani chithunzi chonga chomwechi.

10. Pulogalamu yakufa usiku isiye mtembo woti muupime

Ngati imagwa yokha nthawi imene inu muli m'tulo, musaidikirire ndi GDB. Ikani systemd-coredump, ndipo mu fayilo ya service lembani LimitCORE=infinity ndi Restart=always. Ikagwa, Linux isunga chithunzi cha memori yake yonse, pulogalamu n'kudzukanso, anthu n'kumatungabe madzi. M'mawa:

coredumpctl list
coredumpctl dump pampu -o core.pampu

Ipanikizeni ndi xz, muikoke ndi rsync --partial kuti netiweki ikaduka mupitirize pomwe munalekeza. Pakompyuta panu tsegulani gdb-multiarch pampu, lembani set sysroot monga kale, kenako core-file core.pampu ndi bt. Mzere umene inagwera uonekera, ndipo mungaufufuze tsiku lonse popanda kuimitsa pampu ya anthu. Pa njira zonse, iyi ndi imene ndimaikonda.

M'fayilo imeneyi mungakhale makiyi ndi mapasiwedi amene pulogalamu inali nawo. Musaiponye pa gulu la WhatsApp popempha thandizo.

11. Vuto lobwera mwa apo ndi apo

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mavuto ena amathawa mukangowayang'ana, chifukwa breakpoint imasintha kayendedwe ka nthawi, ma thread amene ankawombana n'kuyamba kudutsana bwino. Apa gwiritsani ntchito dprintf, imene imalemba uthenga pa mzere wosankhidwa n'kupitiriza yokha, popanda kumanganso pulogalamu:

set dprintf-style agent
dprintf pampu.c:214,"mulingo=%d\n",mulingo

Mzere woyambawo ukuchititsa kuti kulembako kuchitikire kuchipangizo komweko, osadikira ulendo wa pa netiweki. Ngati variable ikusintha mosadziwika bwino, watch mulingo iimitsa pulogalamu pa mzere weniweni umene waisintha. GDB ikakuyankhani kuti optimized out, compiler inaichotsa variable imeneyo pofuna liwiro. Mangani ndi -O0 pa chipangizo cha patebulo, ndipo komweko yesaninso -fsanitize=address, imene imagwira pulogalamu ikalemba kunja kwa malire a memori yake.

Lembani masiku amene vuto labwera, muwerenge mpata wake. Likamabwera pakatha milungu isanu ndi iwiri chidzukireni chipangizo, kaikirani chowerengera nthawi. Nambala ya ma bit 32 yowerenga ma millisecond imadzaza pa 4,294,967,295, amene ndi masiku 49 ndi maola 17, n'kubwerera pa 0. millis() ya Arduino imatero, ndipo Windows 95 inali ndi vuto louma pa tsiku lomweli. Kufanizira kwa mtundu wa tsopano > kale + nthawi kumasweka pamenepo, pamene tsopano - kale >= nthawi, pa manambala a unsigned, kumadutsa bwinobwino. Simufunika kudikira milungu isanu ndi iwiri kuti muyese. Yambitsani chowerengeracho chili pafupi kudzaza. Olemba Linux amachita zomwezo: chowerengera chawo cha jiffies chimayambira pamene patsala mphindi 5 kuti chidzaze, kuti wolakwitsa aonekere tsiku lomwelo.

12. Tizipangizo topanda Linux

Pa STM32 ndi anzake a Cortex-M palibe poyendetsa gdbserver. Mumalowera pa SWD, mawaya awiri a SWDIO ndi SWCLK kuphatikiza GND, kudzera pa kachipangizo ngati ST-Link. Ngati m'bokosimo muli kale Pi, siyani ST-Link ili chilumikizire, ndipo OpenOCD iziyenda pa Pi pomwepo:

openocd -f interface/stlink.cfg -f target/stm32f1x.cfg

OpenOCD imadikira GDB pa port 3333. Ikokereni kwanu ndi ssh -L 3333:localhost:3333 thanki, tsegulani arm-none-eabi-gdb ndi fayilo yanu ya .elf, kenako target extended-remote localhost:3333. Ambiri anazolowera kuyamba ndi monitor reset halt. Ngati mukusaka chimene chaumitsa chipangizo, musatero, mufafaniza umboni. Yambani ndi bt. Mukapeza kuti chili mu HardFault pa Cortex-M3 kapena M4, x/wx 0xE000ED28 iwerenga register yonena chifukwa chake.

Ma breakpoint a mu flash ndi owerengeka: Cortex-M0 siipitirira 4, M3 ndi M4 nthawi zambiri 6. Chenjezo la pa nambala 6 pano ndi lalikulu koposa, chifukwa ubongo wa chip ukaima, ma timer otulutsa PWM amapitirira kuyendetsa mota, ndipo watchdog wa IWDG amapitirira kuwerenga, pokhapokha mutawauza kudzera mu DBGMCU kuti aziima nawo.

Ngati m'bokosi mulibe Pi, konzani kuti chip chizidzichitira umboni chokha. Chikagwa, chisunge adiresi imene chagwera m'kachigawo ka RAM kosafufutidwa podzuka, ndipo chikadzuka chitumize adiresiyo pamodzi ndi chifukwa chimene chinazimira. addr2line isandutsa adiresiyo kukhala dzina la fayilo ndi nambala ya mzere. ESP32 imasindikiza yokha mndandanda wa ma adiresi otere pa serial ikagwa, ndipo ikalemba kuti Brownout detector was triggered, siyani code, kaoneni magetsi.

Serial yomweyi ndi khomo lomaliza la Pi imene yakana kulowa pa netiweki. Lembani enable_uart=1 mu config.txt isanapite, ndipo m'bokosi musiyemo kachingwe ka USB kolowera pa serial, ka mavoti 3.3: GND pa phini 6, RX ya chingwe pa phini 8, TX ya chingwe pa phini 10, liwiro 115200. Mphunzitsi kapena mlangizi wa m'deralo amene ali ndi laputopu angalumikize, inu mukumuuza pafoni.

13. Potumiza mankhwala

Mwalipeza vuto, mwalikonza. Mtima umafuna kutumiza pompo. Yambani mwayendetsa pulogalamu yatsopanoyo pa chipangizo cha patebulo, ndipo muonetsetse kuti vuto lija munatha kulibweretsa dala pa yakale, pa yatsopano n'kukanika.

Tumizani m'mawa wa tsiku limene woyang'anira alipo, osati Lachisanu madzulo. Fayilo yatsopano ifike ndi dzina lina, muyerekeze sha256sum ya mbali zonse ziwiri, chifukwa netiweki yodukaduka imasiya mafayilo atheka. Yakaleyo isungeni ngati pampu.yakale. Kenako sinthani ndi mv, lembani sync, ndi kuyambitsanso service. Ngati mukukhudza makonzedwe a netiweki kapena a SSH, samalani koposa, chifukwa mukalakwitsa mwadzitsekera kunja. Konzani kaye kalamulo kobwezeretsa makonzedwe akale pakatha mphindi 10 mukapanda kukaletsa. Zipangizo zikachuluka, phunzirani RAUC, Mender kapena SWUpdate, zimene zimasunga magawo awiri pa khadi, latsopano likakana kudzuka chipangizo n'kubwerera ku lakale chokha.

Musanatseke laputopu, dzutsani mlonda ndi systemctl service-watchdogs yes ngati munamugoneka, fafanizani shutdown ija, onani ndi pidof gdbserver kuti palibe yotsalira, ndipo fayilo yathunthu ya pulogalamu yatsopanoyi muisunge pamodzi ndi BuildID yake ndi tsiku. Kenako imbani foni. "Bambo, ndamaliza. Ndikupempha mukhale pomwepo mpaka thanki idzaze, mundiuze ngati pampu yazima yokha." Musachoke pa log mpaka ataimbanso.